Madonasi opanda shuga, opanda dzira: yankho kwa achemwali a ku Rosettenville

Kalata yanu, achemwali, ndinaiwerenga ndili mu takisi yochokera ku Bree, ndipo ndinakafika ku Mayfair mtima udakali phaphapha. Mwati bambo a kunyumba awapeza ndi matenda a shuga, mwana wanu wamkazi wasiya kudya chilichonse chochokera ku nyama, dzira ndi mkaka zomwe, ndiye mandasi a Lamlungu amene ankasonkhanitsa banja asanduka poyambira mkangano. Mukufuna madonasi ophika mu uvuni oti aliyense pakhomopo adye mosaopa.

Ine mandasi ndinagulitsa zaka zisanu ndi ziwiri kuno ku Joni. Ndinkadzuka 3 koloko usiku, kukanda ufa m'beseni, kuuphimba ndi chitenje kuti ufufume, kenako kukazinga m'chiwaya mpaka kunja kuche. Pofika 6 koloko ndimakhala ndaima pakona ndi ndowa yanga, anyamata a kwathu opita ku maganyu akugula awiriawiri, anzathu a kuno akuwatchula amagwinya. Geni imeneyo inalipira lendi, inaphunzitsa ana, inakhoma malata panyumba ya mayi kumudzi. Sindidzainyoza. Koma zimene ndinkachita ndikuzikumbukira bwino. Mafuta sindinkataya. Ndinkangosefa ndi kansalu n'kuthiramo atsopano pang'ono, mpaka amada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo ukawatenthetsa utsi wake umaluma m'maso. Mandasi ong'ambika, osagulitsika, ndiwo anali kadzutsa wanga, nkhomaliro yanganso, ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga.

Mu 2019 ndinayamba kumva ludzu losatha. Usiku ndinkadzuka kanayi kukataya madzi. Kenako mafuta anandithothokera paphazi, kabala kakang'ono ngati njere ya nyemba, koma mwezi unatha osapola. Ku kiliniki namwino anandibaya pachala, kamakina kanalemba 17. Ine sindinadziwe tanthauzo lake mpaka atandiuza kuti munthu akayezedwa asanadye kanthu n'kupezeka ndi 7 kapena kuposerapo, kapena 11.1 pa nthawi ina iliyonse, amakhala kuti matendawa alowa. Ndinatuluka, n'kukhala pabenchi panja, ndowa ili pakati pa miyendo muli mandasi asanu ndi atatu otsala. Ndinalira.

Ndiye bambo anuwo ndikuwamvetsa kuposa mmene mukuganizira. Amalume anga a ku Chikwawa anagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo, ndipo akabwera ndi paketi ya shuga kumudzi kunkakhala chimwemwe. Ifetu tinakula tikudziwa kuti tiyi wa shuga wambiri ndiye ulemu kwa mlendo, ndipo khomo lomwa tiyi wopanda shuga ndi khomo la mavuto. Munthu wavutika ku Joni zaka makumi awiri kuti asamwenso tiyi wosatsekemera, lero dokotala akumubwezera komweko. Akamakalipa patebulo, n'chimenecho chikuwawawa. Musawayankhe.

Koma pali chinthu chimene chimandipsetsa mtima, ndipo ndichinena mosabisa. Mawu akuti "sugar-free" apusitsa anthu athu ambiri. Nditangodwala, mnzanga wa kutchalitchi anati ndizithira uchi. Wina anati shuga wabulauni alibe vuto. Zonsezo ndi shuga, magazi sasiyanitsa. Ndipo chimene palibe anandiuza n'chakuti ufa woyera wa tirigu ukalowa m'mimba umasanduka shuga yemweyo, mwachangunso. Ndinaphikapo mandasi opanda ngakhale kambewu ka shuga, ndinadya atatu, nditadziyeza patapita maola awiri kamakina kanalemba 13. Choncho amene angakuuzeni kuti mukachotsa shuga ndiye bambo azidya mmene akufunira, ameneyo akufuna kukuphetsani mwamuna. Nthochi nazo zili ndi shuga wake. Madeti, amene anzathu achisilamu amati tende, aja amadzaza m'mashopu a ku Fordsburg nthawi ya Ramadan, ndiye shuga wake ndi wochuluka kwambiri. Ubwino wa zipatso ndi woti zimabwera ndi gaga wake amene amachedwetsa shuga kulowa m'magazi, basi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2015 kuti shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zonse zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku, ndipo ngati n'kotheka atsike kufika masupuni a tiyi asanu ndi imodzi. Tiyi wanga wakale makapu awiri okha anali atamaliza kale muyezo umenewo. Boma la kuno linayamba kudula msonkho pa zakumwa zotsekemera mu Epulo 2018, ndipo ine ndinali m'gulu la odandaula kuti zakumwa zakwera mtengo. Chaka chotsatira ndinali pabenchi paja.

Za mwana wanuyo, m'kalata mwanu ndamvamo kakudandaula koti watengera zachizungu. Pamenepo sindikugwirizana nanu. Agogo anga ankaphika zitumbuwa ndi nthochi zakupsa, mgaiwa ndi kamchere, osathira dzira, osathira mkaka. Chigumu chawo chinali chimodzimodzi, ankachiphika mumphika, makala pansi, makala pamwamba pa chivundikiro, ndipo chinkatsekemera ndi nthochi zokha. Mazira anali ogulitsa kuti pakhale ya sopo, mkaka wa ng'ombe tinkauona kamodzikamodzi. Nyemba, nandolo, chisoso chotendera, futali wa mbatata, zonsezo ndi zimene mwanayo akudya lero, kungoti wazipatsa dzina loti vegan. Musamuseke pamaso pa alendo. Mumuuze kokha kuti azimwa vitamini B12, chifukwa ameneyo m'zomera sapezekamo, ndipo kuchepa kwake kumawononga mitsempha mwakachetechete.

Ndisanaiwale, pali chimene chinandivutitsa miyezi ingapo. Ndinkatsatira ndondomeko za pa intaneti ndendende, koma madonasi ankafufuma msanga mu uvuni kenako n'kuphwa pakati, ouma ngati chikonyo. Ndinkaganiza kuti uvuni wanga ndi wakutha. Mayi wina amene ndinkamuchapira ku Melville ndiye anandimasulira kuti Johannesburg ili pamtunda kwambiri, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, ufa umafufuma mofulumira, madzi amawira asanafike pa madigiri 100 ndipo amauma msanga. Ndondomeko yolembedwa ndi munthu wa ku Durban kapena ku Cape Town ikafika kuno imafuna kuchepetsa baking powder ndi kuwonjezera madzi pang'ono. Nditangotero zinatheka tsiku lomwelo.

Kaphikidwe kake

Tengani kapu imodzi ya ufa wa tirigu wagaga wa Nutty Wheat ndi kapu imodzi ya ufa woyera wa tirigu. Wagaga wokhawokha umalemera, bambo sangaulandire pa tsiku loyamba. Thirani supuni ya tiyi imodzi ndi theka ya baking powder, theka la supuni ya tiyi ya soda, kamchere ndi sinamoni. M'mbale ina nyenyani nthochi zitatu zakupsa kwambiri, za makoko a mathothomathotho akuda. M'malo mwa dzira, sakanizani supuni yaikulu imodzi ya njere za flaxseed zopera ndi masupuni atatu a madzi, mudikire mphindi zisanu mpaka zitanda ngati therere. Onjezani makota atatu a kapu ya mkaka wa soya wosatsekemera wothira supuni ya tiyi ya viniga, ndi masupuni aakulu atatu a mafuta a mpendadzuwa. Phatikizani zonse mopepuka, osakanda ngati mandasi. Ngati mulibe chikombole cha madonasi, gwiritsani ntchito cha makeke ang'onoang'ono, muike kampira ka foyilo pakati. Uvuni ukhale pa madigiri 180, mphindi 12 mpaka 15. Amatuluka pafupifupi 12. Bambo adye limodzi, ndi tiyi wopanda shuga, ndi mtedza wokazinga pambali, kenako adziyeze patapita maola awiri kuti muone mmene thupi lawo lalandirira. Mankhwala asasiye.

Mukaona kuti kutsekemera kwachepa, xylitol, chotsekemeretsa cha m'malo mwa shuga, amapezeka m'mashopu a Dis-Chem ndi Clicks, masupuni aakulu awiri akwana. Wambiri amatsegula m'mimba, ndipo ngati pakhomo pali galu, nyenyeswa zake zisagwe pansi chifukwa xylitol amapha agalu. Yisiti nayenso sadya xylitol, ndiye musayembekezere kuti athandiza mandasi ofufumitsa.

Sadzakoma ngati a m'chiwaya aja, ndipo musawanamize bambo kuti ndi omwewo. Khungu lokhuthala, lofiirira, lonona mafuta lija uvuni sutulutsa. Mwamuna wanga tsiku loyamba analuma kamodzi n'kunena kuti ichi ndi chigumu choboola pakati. Sindinatsutse. Panopa Loweruka madzulo ndi iyeyo amene amapita kwa mayi wogulitsa zipatso pa Church Street kukafunsa nthochi zimene zatsala pang'ono kutayidwa, amazipeza pa mtengo wotsika. Mukaphika Lamlungu lino, mumupatse mwana wanuyo ntchito yonyenya nthochi, ndipo mundilembere nambala imene kamakina ka bambo kalembe.