Zomba kapena Nkhotakota: kwa amene muli ndi masiku atatu mu July

Achimwene, mwafunsa kuti pa tchuthi cha masiku atatu mu July mupite kuti pakati pa Zomba ndi Nkhotakota, muli ndi mayi a kunyumba, ana awiri a sukulu ndi galimoto yaing'ono, cholinga chanu chili choti anawo akaone malo a mbiri yakale. Pitani ku Zomba. Mukanakhala ndi usiku umodzi wokha tikanakuuzani Nkhotakota.

Ku Nkhotakota mbiri ilipo yambiri, koma yambiriyo ili m'kamwa mwa anthu. Jumbe Salim bin Abdallah, wamalonda a akapolo, anakhazikika kumeneko m'ma 1840, ndipo akapolo ankawolotsedwa nyanja pa ngalawa kupita tsidya lija, kenako n'kuyenda wapansi mpaka ku Kilwa, doko la ku Tanzania. Chimene mungaone ndi maso lero ndi mtengo waukulu umene uli pa chipatala cha St Anne's, pomwe David Livingstone anakumana ndi Jumbe mu 1863, ndi tchalitchi cha Anglican cha All Saints, pomwe pali manda a Bishopu Chauncy Maples amene anamira m'nyanja mu 1895. Zonsezi mumatha kuziona usanakwane nkhomaliro. Mwana akangoima pansi pa mtengo popanda womufotokozera, aona mtengo basi, ndiye ngati mudzapiteko tsiku lina, funsani pa mishoni munthu wokuperekezani. Vuto lina ndi mweziwo. July ndi nthawi ya mwera, nyanja imawinduka, madzi amazizira, ndipo ana amene mwawalonjeza zosambira akhoza kungothera pa mchenga atavala majuzi. Ubwino wake ndi kufupika: makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Salima, ngakhale msewu wa M5 uli ndi zigawo za maenje zofuna kuyenda mofatsa.

Zomba ndi patali, makilomita pafupifupi 290, maola anayi kapena asanu. Mutsata M1 kudutsa Dedza ndi Ntcheu, mukhota kulowera ku Balaka, muwoloka Shire pa Liwonde, kenako M3 mpaka m'tauni. Nyamukani m'mamawa, isanakwane 6 koloko, mzere wa magalimoto usanayambe pa Biwi. Thirani mafuta odzadza thanki konkuno ku Lilongwe, ndipo sungani ndalama za m'manja zolipira pa toll gate ya ku Kalinyeke. Mbatata ya kachewere ndi tomato wa pa Lizulu mudzagule pobwerera. Musayerekeze kuyenda usiku pakati pa Ntcheu ndi Balaka. Njinga zopanda nyali ndi mathiraki ofera mumsewu ndi zimene zimagwetsa anthu m'ngozi.

Ku Zomba mwana akhudza ndi dzanja zimene amawerenga m'kalasi. Tauniyi inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo Nyumba ya Malamulo inatsalira komweko mpaka 1994. Tsiku lofika, madzulo, yendani wapansi m'dera la maofesi akale a boma m'munsi mwa phiri. Muona nyumba ya malamulo yakaleyo, yomwe nkhani yake imakhudza nduna zitatu ndi phungu mmodzi amene anagwidwa ku Zomba mu May 1983 n'kukaphedwera ku Mwanza. Chapafupi pali Hotel Masongola, nyumba yomangidwa m'ma 1880 imene Harry Johnston ankakhalamo polamulira dziko lino, komanso munda wa mitengo wa Botanical Gardens m'mphepete mwa mtsinje wa Mulunguzi. Chipilala cha njerwa zofiira chokumbukira asilikali a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse chili pafupi ndi Cobbe Barracks. Apo chenjerani ndi foni. Jambulani chipilalacho chokha, ndipo pa geti ya asilikali, pa State House ndi pa ndende yaikulu musaloze kamera, angakulandeni. National Archives, kosungirako zolemba zakale za dziko, ndi ofesi ya boma, choncho Loweruka, Lamulungu ndi pa tsiku la tchuthi mukapeza potseka.

Tsiku lachiwiri lonse lipatseni phiri. Msewu wokwera mpaka pa hotelo ya Ku Chawe ndi wa tala ndipo galimoto yanu ifika bwinobwino, komanso pa damu la Mulunguzi. Kupitirira pamenepo ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Njira zopita ku malo oonerapo patali a Emperor's View ndi Queen's View, komanso ku Dzenje la Chingwe, ndi za fumbi ndi miyala, zoonongeka ndi malole a matabwa, ndipo galimoto yotsika imagunditsa pansi mpaka kuboola sampu, mokhala oilo pansi pa injini. Isiyeni pa hotelo, mutenge mmodzi wa anyamata operekeza alendo amene amakhala pomwepo, ndipo mtengo mugwirizane musananyamuke. Ku mathithi a Williams Falls ana afika wapansi osadandaula. Emperor's View, yomwe inatchedwa choncho chifukwa cha Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, amene anafikapo mu 1965, ndi ulendo wa maola angapo kupita ndi kubwera, koma tsiku lopanda mitambo mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Dzenje la Chingwe lili patali kwambiri. Za anthu amene amati ankaponyedwamo kale, woperekezayo akufotokozerani muli chikhalire.

Potsika phiri ikani giya yachiwiri, injini izigwira galimoto. Mukamangoponda mabuleki njira yonse amatentha, muyamba kumva fungo la chopsa, kenako phazi limangolowa pansi galimoto osaima.

Kuzizira kwa pa phiri mu July si kwa ku Area 25. Chiperoni chikagwa, nkhungu imatseka zonse ndipo mukhoza kukwera osaona kanthu, ndiye mukadzuka n'kuona kumwamba kwayera, kwerani tsiku lomwelo, za m'tauni mudzachite mawa. Tengani majekete, zipewa ndi nsapato zosaterera. Kugona pamwamba n'kodula. Malo ogona a m'tauni ndi otsikirapo mtengo, koma imbani foni kutatsala sabata imodzi kuti munyamuke, chifukwa ku yunivesite kukakhala mwambo wa omaliza maphunziro zipinda zimatha.

Tsiku lobwerera tulukani mu Zomba isanakwane 11 koloko m'mawa, kuti ngakhale muime pa Liwonde ndi pa Lizulu, mulowe mu Lilongwe kusanade.