Funsani Agogo: Mayi ondibereka anabwerera ku Angonia, ndiwafune bwanji?

Agogo,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe ndipo ndimagulitsa kaunjika. Ndinakulira m'mudzi wina pafupi ndi Lizulu ku Ntcheu. Chaka chatha bambo anamwalira. Pa tsiku logawa katundu nditangofunsa za malata amene anasiya, azakhali anandidula pakamwa: "Iwe khala chete, mwana wa othawa nkhondo alibe mawu pano." Anthu onse anangozolika, palibe anatsutsa. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mudzi wonse unkadziwa, kupatula ine.

Usiku womwewo mayi anandiuza akulira kuti mu 1988 kunafika mayi wina wapakati wothawa nkhondo, wochokera cha ku Domwe, m'boma la Angonia ku Mozambique. Anamupatsa kanyumba kophikira kuti azigonamo, ndipo ine ndinabadwira momwemo. Mu 1990 iye anawoloka msewu wa m'malire kukafuna mwamuna wake ndi ana ake awiri amene anatayana nawo pothawa. Anati abwera chimanga chisanakhwime, koma sanabwerenso. Mayi akuti ankamutchula kuti Nambewe ndipo ankapemphera Katolika. Anandipatsa kakhadi kanga ka kusikelo, kong'ambika, ndi kolona imene iye anasiya.

Mtima wanga ukufuna kumuona. Koma ndikangoyamba nkhaniyi mayi BP imakwera, amati ndikufuna kuwataya. Amuna anga akuti ndisiye, zakale n'zakale. Kodi ndikulakwa? Ngati sindikulakwa, ndiyambire pati?

Wosowa mtendere, Lilongwe

Mdzukulu wanga,

Sukulakwa, ndipo usapepese kwa munthu chifukwa chofuna kudziwa amene anakubereka. Ana ako akukula. Tsiku lina adzafunsa kwawo kwa agogo awo, tsiku lina dokotala adzafunsa ngati shuga kapena BP zili kumtundu kwanu, ndipo uyenera kukhala ndi choyankha. Amene analakwa ndi azakhali ako, posunga mawu amenewo zaka zonsezi n'kudzawatulutsa pa maliro chifukwa cha malata. Kulanda katundu wa masiye ndi mlandu pa lamulo la 2011, choncho ngati mayi ako analandidwa kanthu, apite kwa DC.

Zaka zimenezo ine ndinali mphunzitsi ku Ntcheu komweko. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika povuta mu 1986, anthu anayamba kukhamukira kuno, ndipo pofika 1992 anali atapitirira 1 miliyoni. Ku Nsanje ambiri anasungidwa m'misasa ngati Mankhokwe ndi Nyamithuthu. Koma ku Dedza ndi Ntcheu, kumene malire ndi msewu wa M1 womwewo, ambiri anangowoloka phula n'kulandiridwa m'midzi, poti chilankhulo n'chimodzi, mafunda ndi amodzi. Ndimakumbukira m'kalasi mwanga ana atadzaza mpaka pakhomo, ena osadziwa ndi chaka chomwe chimene anabadwa, akuloza tsidya la msewu kumene masitolo anali atapsa kuti kwathu ndi uko. Ndikukuuza izi kuti udziwe kuti nkhani ya mayi amene anakuberekayo inasungidwa kwambiri m'mitu ya anthu a m'mudzi mwanu kusiyana ndi m'mabuku a boma, ndipo anthuwo akukalamba.

Ndikuuzenso chowawa ulendo usanauyambe. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo anthu ambiri anabwerera kwawo pakati pa 1993 ndi 1995. Nambewe anawoloka mu 1990, mfuti zikadalira, m'tinjira muli mabomba okwirira. Mayi amene wayenda ulendo wotero chifukwa cha ana awiri sangaiwale wachitatu, ndiye n'kutheka kuti china chake chinamugwera m'njira. Ukhoza kukapeza manda. Komabe usafune munthu mmodzi yekha, funa mbumba yonse. Abale ako awiri aja ngati ali moyo lero ndi akuluakulu a zaka za m'ma 40, ndipo kumudzi kwake kungakhalebe achemwali ake ndi alongo ake, amalume ako, amene mwina nawonso akhala akufunsa za mwana amene anatsala ku Malawi.

Khomo loyamba kugogoda ndi la mayi amene anakulera. Mayiyu anatenga mwana wa mlendo pa nthawi imene ufa unali wosowa, anakuyamwitsa phala, anakubereka kumbuyo popita kusikelo, anakukwatitsa. Mawu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe ambirife timangowayankhula, iye anawachita. Amuna ake wangowaika m'manda, ndipo tsopano akuona ngati mwana nayenso akunyamuka. Usachite chilichonse mobisa, chifukwa akadzamva kwa anthu kuti unapita ku Angonia osawauza, bala lake silidzapola. Pita kumudzi ukagone masiku angapo, osati kukamba pa foni. Tenga munthu amene iwo amamumvera, kaya ndi alongo awo kaya mkulu wa mpingo. Ukawauze mosapita m'mbali kuti: "Amayi, mayi wanga ndinu, ndipo ndidzakusamalani mpaka mapeto. Koma nkhope ya Nambewe amene akuidziwa ndinu nokha. Popanda inu sindingamupeze." Uwapatse udindo wotsogolera nkhaniyi. Munthu amene anasunga kolona ndi kakhadi kong'ambika zaka zoposa 30 osazitaya ankadziwa kuti tsiku ili lidzafika.

Akamasuka, ufunse modekha, ndipo ngati alola ujambule mawu awo pa foni. Mwamuna wa Nambewe anali ndani? Ana awiri aja mayina awo? Ankatchula mfumu iti, mtsinje uti, phiri liti? Anabwera ndi ndani, nanga chakudya cha othawa nkhondo ankakalandirira kuti? Kenako uzungulire kwa mzamba amene anathandiza pobadwa iwe, kwa amayi amene ankatunga naye madzi, kwa amfumu. Wina adzakumbukira dzina la mudzi, wina adzati mchemwali wake anakwatiwa pa mudzi wakutiwakuti ndipo sanabwerere. Ambiri anatsalira kuno chifukwa cha ukwati. Lemba zonse m'kope limodzi, ngakhale zooneka zotsutsana.

Kolonayo usaipeputse. Ngati Nambewe anali Mkatolika wolimbikira, n'kutheka kuti anakubatiza uli khanda. Buku la ubatizo la ku parishi limalemba dzina la mwana, mayina a makolo onse awiri, mudzi, ndi amene anaimira mwanayo. Kapemphe bambo mfumu a parishi ya kwanuko akuonere m'mabuku a 1988 mpaka 1990. Iwo omwewo akhoza kulembera anzawo a tsidya linalo, monga ku mishoni ya Lifidzi ndi matchalitchi a cha ku Domwe. Chilengezo chimodzi pambuyo pa Misa chimayenda m'miphakati yonse, n'kufika kumene galimoto silifika. Uonenso bwino kakhadi ka kusikelo pa dzuwa, pena dzina la mayi kapena la mudzi limakhala likuonekabe.

Pitanso ku Malawi Red Cross Society, likulu lawo lili mu Lilongwe momwemo. Ali ndi ntchito yolumikizanitsa mabanja amene anabalalika chifukwa cha nkhondo ndi ngozi zina, salipiritsa, ndipo amagwira ntchito ndi Red Cross ya ku Mozambique. Adzakufunsa mayina ndi malo, n'chifukwa chake ndati uyambe ndi kope lija. A ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma la Ntcheu akhoza kukulembera kalata yokuperekeza. Ndipo poti ndiwe wa geni, msika wa Lizulu ukuudziwa: mbatatesi, kabichi ndi tomato zambiri zimachokera tsidya lomwelo. Cheza ndi amayi achikulire ogulitsa, uthenga ukhoza kukafika ku Domwe tsiku lomwelo pa njinga yamoto.

Apa pokha chenjera. Ukalengeza pa wayilesi kapena pa Facebook, usatchule zonse. Mayina a ana awiri aja, dzina la mwamuna ndi zizindikiro za pathupi pake usunge mumtima, kuti amene akuti ndi m'bale azitchule yekha. A Nambewe ndi ambiri mbali zonse za malire, ndipo pali anthu amene akamva kuti wofunayo ali ku Lilongwe amasanduka amalume pompopompo n'kuyamba kupempha ya thiransipoti pa foni. Usatumize ndalama kwa munthu amene sunamuone. Kuyeza magazi kwa DNA kulipo koma n'kodula, kudikire mpaka zina zonse zitagwirizana.

Mudzi ukapezeka, usakangotulukira pakhomo ndi misozi. Tumiza kaye munthu wamkulu kudzera kwa amfumu a kumeneko, monga timachitira pa chinkhoswe. Ngati Nambewe ali moyo, mwina anakwatiwanso ndipo mwamuna wake sadziwa za iwe. Mwina manyazi amudya zaka zonsezi ndipo poyamba adzakana. Mupatse nthawi, ndipo funso lakuti munandisiyiranji lisakhale la tsiku loyamba. Tenga shuga, mchere, sopo, chitenje ndi zithunzi za ana ako. Ukadutse pa chipata cha Dedza ndi boda pasi, osazemba, ndipo mayi ako ngati thupi lilola apite nawo, chifukwa amayi awiriwa ali ndi zawo zokambirana zimene iwe sungazilowerere. Ngati ndi manda, upemphe kwa amfumu kuti akuonetse, ulire maliro ako, udziwane ndi abale. Za mayina a pa chitupa chako cha unzika usasinthe kanthu usanafunse a Legal Aid Bureau.

Amuna akowo uwaonetse tsamba lino. Iwo akadwala amadziwa mudzi wothawirako ndi malume woitana, ndiye asakuletse chimene iwo anabadwa nacho. Ntchito yawo ndi kutsala ndi ana ndi kuyang'anira geni pamene iwe uli ku Lizulu, ndipo ulendo wa ku Angonia ukadzakwana akuperekeze.

Agogo