Batani la imelo likukana: yankho kwa mayi osoka mayunifolomu ku Mabvuku

Kalata ya lero yachokera kwa mayi ena a ku Mabvuku, kuno ku Harare, amene amasoka mayunifolomu a ana a sukulu komanso zovala za amayi a Chigwirizano. Mwana wa achemwali awo anawakonzera tsamba la pa intaneti, ndipo mmunsi mwake anaikamo batani lolembedwa kuti "Tilembereni". Makasitomala ena adandaula kuti akadina batanilo pa kompyuta palibe chikuchitika. Ena akuti pakutseguka zenera la Outlook lofunsa akaunti ndi pasiwedi, pomwe iwo imelo yawo ndi ya Gmail kapena Yahoo. Koma mnyamatayo akayesa pa foni yake zikuyenda bwinobwino. Ndiye mayiwa akufunsa: kodi tsamba lawonongeka, kapena anthuwa sadziwa kugwiritsa ntchito kompyuta?

Mayi, zikomo pondilembera. Tsamba lanu silinawonongeke, ndipo makasitomala anu sakulakwitsa kanthu. Vuto lagona pa mtundu wa linki imene ili kuseri kwa batanilo.

Linki imeneyi imatchedwa mailto. M'kati mwa tsamba imalembedwa chonchi: mailto:sitolo@example.com. Iyo payokha situmiza kalata. Ntchito yake ndi kuuza kompyuta kuti itsegule pulogalamu ya imelo imene ili m'kompyutamo, ilembemo adiresi, munthu angopitiriza. Njirayi ndi yakale ndithu. Inalembedwa m'malamulo a intaneti mu 1994, inakonzedwanso mu 1998, kenako mu 2010 m'chikalata chotchedwa RFC 6068. Nthawi imene inkayamba, pafupifupi aliyense wokhala ndi imelo ankaiwerengera m'pulogalamu yoikidwa m'kompyuta yake, monga Eudora, ndipo pambuyo pake Outlook Express. Kenako kunabwera Hotmail mu 1996, Yahoo Mail mu 1997, Gmail mu 2004, ndipo anthu anayamba kuwerenga makalata awo pa tsamba la intaneti, mu Chrome kapena Firefox, osaikanso pulogalamu ina iliyonse. Linki ya mailto inatsala ikufunafunabe pulogalamu. Zili ngati kutuma mwana kuti akapereke uthenga kunyumba imene eni ake anasamuka kalekale: mwina abwerako chimanjamanja, mwina agogoda pakhomo pa munthu wina. Ndi chifukwa chake ena sakuona kanthu, ena akuona Outlook imene sanaigwiritsepo ntchito ikuwafunsa pasiwedi.

Pa foni nkhani ndi ina. Mafoni ambiri a Android amabwera ndi pulogalamu ya Gmail, ndipo mwini foni amakhala atalowetsamo kale akaunti yake tsiku lomwe anaigula, ndiye linki imapeza pofikira. Pa iPhone imatsegula pulogalamu ya Mail, ngakhale kuyambira mu 2020 munthu akhoza kusankha kuti Gmail ndiyo izitseguka m'malo mwake. Mnyamata wanu anayesera pa foni yake, zinatheka, n'kuganiza kuti kwa aliyense zili choncho. Musamudzudzule kwambiri, ambiri okonza masamba amayesera pa chipangizo chawo chokha.

Tsopano taganizirani anthu amene amakulemberani imelo. Mayi wofuna yunifolomu imodzi ya mwana wake sakulemberani imelo, amakuimbirani kapena kubwera yekha. Amene amalemba imelo ndi mlembi wa pasukulu wofuna mitengo ya mayunifolomu makumi asanu yolembedwa bwino kuti akaonetse a komiti, kapena msungichuma wa mpingo wina ku Highfield kapena ku Mufakose. Anthu amenewa amakhala pa kompyuta ya ku ofesi kapena ya pa kafe ya intaneti m'tauni, atatsegula Gmail mu Chrome. Ndiye kuti batani lanu likukanira anthu enieni amene akubweretsa oda yaikulu. Ndipo ambiri sadandaula ayi. Amatseka tsamba n'kupita kwa telala wina. Awo amene anakuuzani anakuchitirani chifundo.

Mwina mnyamatayo anena kuti vutoli limakonzeka pa kompyuta ya kasitomala, ndipo n'zoona. Mu Chrome, munthu akatsegula Gmail, kumapeto kwa mzere wolemba adiresi ya tsamba kumaoneka kachizindikiro ka madayamondi awiri opiringizana. Akadina pamenepo n'kuvomera, malinki a mailto amayamba kutsegukira mu Gmail. Kachizindikiroko kakasowa, alembe chrome://settings/handlers n'kuona ngati sanakanepo kale. Pa Windows nthawi zina pamafunikanso kulowa mu Settings, Apps, Default apps, n'kusankha Chrome kuti izilandira MAILTO. Mu Firefox ndi ku Settings, General, Applications, pa mzere wa mailto n'kusankha Gmail. Safari yokha, pulogalamu ya Apple yotsegulira masamba a intaneti, ilibe njira imeneyi, imangotumiza munthu ku pulogalamu. Owerenga amene mumakumana ndi vutoli pa kompyuta yanuyanu, chitani zimenezi lero, si ntchito ya mphindi zambiri.

Koma mayi, inu musadalire zimenezo. Simungauze mlembi wa pasukulu kuti ayambe wakonza kompyuta ya ku ofesi asanakugulireni malaya. Pa kafe ndiye n'kosatheka, makompyuta ndi a eni ake, ndipo munthu akuwerengera mphindi zimene walipira, mwinanso akuopa kuti magetsi azima asanamalize. Wofuna ndalama ndi inu, ndiye wokonza njira ndi inunso.

Chimene ndikukupemphani koposa zonse n'chakuti adiresi yanu ya imelo ilembedwe poyera, yonse, m'zilembo zooneka. M'malo mwa batani lakuti "Tilembereni", pakhale mawu akuti "Tilembereni pa" kenako adiresiyo. Linki ya mailto ikhoza kukhalabe kuseri kwa adiresiyo, chifukwa imathandiza a pa foni. Koma amene linki yamukanira aziona adiresi ndi maso ake, aikope n'kukaimata mu Gmail, kapenanso ailembe pa kapepala. N'zoona kuti pa kompyuta munthu akhoza kudina linki ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha kukopa adiresi, koma odziwa zimenezo ndi ochepa. Ngati mnyamatayo angathe, aikenso kabatani pambali kolembedwa kuti "Kopani adiresi", ndipo munthu akadina kazimuuza kuti yakopedwa. Ndi ntchito yaing'ono kwa wodziwa JavaScript, chilankhulo cha kompyuta chokonzera zinthu zotere pa masamba.

Adzakuuzani kuti adiresi ikakhala poyera, mapulogalamu otolera maadiresi adzaitenga ndipo mudzayamba kulandira mauthenga achabechabe. Izi zimachitikadi. Koma mapulogalamu amenewo amawerenga za m'kati mwa tsamba, ndiye adiresi yobisika kuseri kwa batani amaiona kale. Mwabisira kasitomala, wakuba simunamubisire. Ena amaika adiresi ngati chithunzi, kapena kuchotsa chizindikiro cha @ n'kulembapo mawu. Ine zimenezi sindigwirizana nazo pa tsamba la bizinesi. Chithunzi sichikopeka, munthu ayenera kulemba chilembo chimodzichimodzi, ndipo akaphonya chimodzi kalata yasochera. Munthu wosaona amene amadalira pulogalamu yomuwerengera tsamba ndiye simwamuthandiza konse. Gmail, Yahoo ndi Outlook masiku ano amasefa okha mauthenga ambiri achabechabe. Kufufuta ochepa otsalawo n'kwapafupi kusiyana ndi kutaya oda ya sukulu yonse.

Pomwepa ndionjezere za adiresi yeniyeniyo. Ikhale yoti mukhoza kuitchula pa foni muli m'kombi munthu n'kuimva. Pewani manambala ambiri, kamzere kapansi, ndi zilembo zosokoneza monga l ndi 1, kapena O ndi 0.

Pali msampha wina umene anyamata ochenjera amagweramo. Amachotsa mailto n'kuika linki yopita mwachindunji ku tsamba lolembera kalata la Gmail. Kwa wa Gmail zimakoma. Wa Yahoo, kapena mlembi amene ali ndi imelo ya kuntchito, amapezeka ali pa tsamba lomufunsa akaunti ya Google imene alibe. Vuto lija langosamukira kwa anthu ena.

Nanga fomu? Fomu yolembera uthenga pa tsamba pomwepo ndi yabwino chifukwa sifuna pulogalamu iliyonse, imagwira kwa aliyense. Koma ili ndi zake. Iyenera kutumiza uthenga kudzera pa seva, kompyuta ya pa intaneti imene imalandira uthengawo n'kuufikitsa kwa inu. Ena amalumikiza fomu ku mailto, ndipo vuto lomwe lija limabwerera, pano munthu atataya kale nthawi kulemba. Mauthenga a fomu nthawi zina amagwera m'bokosi la spam, la mauthenga achabechabe aja, mwinanso fomu imasiya kutumiza inu osadziwa, miyezi n'kumapita mukuganiza kuti malonda avuta. Kasitomalanso satsala ndi kope ya zimene walemba. Ngati muika fomu, ikhale yaifupi: dzina, nambala kapena imelo, ndi uthenga. Izionetsa kuti uthenga wapita ndipo muyankha liti. Inu muzidzilembera nokha kamodzi pa mwezi kuti muone ngati ikufikabe. Ndipo fomu isalowe m'malo mwa adiresi yolembedwa poyera ija, zikhale zonse.

Linki ya mailto ikhozanso kudzaziratu mutu wa kalata, poonjezera ?subject= kumapeto kwa adiresi, ndipo mpata pakati pa mawu umalembedwa %20. Mutu waufupi monga "Oda ya yunifolomu" umathandiza. Koma malangizo ofunika, monga akuti munthu atchule saizi ndi mtundu wa nsalu, alembedwe pa tsamba, chifukwa amene wakopa adiresi sadzaona zimene zabisika mu linki.

Sindingamalize osatchula WhatsApp, chifukwa kuno ku Zimbabwe anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, ndipo ndi bandulo imeneyo imelo situmizika. Linki yake imalembedwa wa.me/ kenako nambala yanu yoyamba ndi 263, mutachotsa 0 woyamba, popanda chizindikiro cha + kapena mipata. Pa foni imatsegula macheza ndi inu nthawi yomweyo. Pa kompyuta ya pa kafe ili ndi vuto lofanana ndi la mailto, chifukwa imafuna kuti munthu alumikize WhatsApp yake pa kompyutapo, zimene sindingalangize aliyense kuchita pa kompyuta ya anthu onse. Ndiye nambalanso ilembedwe poyera, ndi +263 kutsogolo, kuti abale a ku Lilongwe kapena ku Johannesburg ofuna kugulira ana awo a kuno asavutike.

Mnyamatayo akamaliza kusintha, musavomere kuti akuonetseni pa foni yake. Pitani naye pa kafe, kapena mupemphe mnzanu wogwira ntchito mu ofesi, mutsegule tsambalo pa kompyuta yachilendo, inu mukhale pampando iye aime kumbuyo osagwira mausi. Yesani kudzilembera kalata kuchokera ku Gmail, kenako muone pa foni yanu ngati yafika, ndipo muyang'anenso m'bokosi la spam. Mukamachoka pa kafepo musaiwale kutuluka mu akaunti yanu. Mukapeza pena pakukanabe, ndilembereninso mundiuze zenera limene latseguka ndi mawu amene alembedwapo.