Anawerenga mabuloko osweka ine ndili chigonere pansi

M'bale wanga, zimene mwalembazi ndaziwerenga ndili pantchito, manja ali simenti yekhayekha, mpaka ndaponya fosholo pansi kuti ndiyankhe mtima ukadali wotentha. Mawu amene akulu a mpingo akukuuzaniwo, akuti jimu n'kudzikonda ndipo ntchito ikukuberani nthawi ya Mulungu, inenso ndinawamva ndi makutu angawa. Ndipo anatuluka m'kamwa mwa munthu amene anadya thukuta langa miyezi itatu yathunthu.

Ambiri m'gulu muno mumandidziwa, ndimaumba mabuloko ku Kalingalinga. Kwathu ndi ku Katete, ku Lusaka kuno ndinabwera mu 2009 ndi kachikwama kamodzi. Zitsulo ndinayamba kunyamula kuseri kwa nyumba ya mnzanga ku Mtendere. Jimu yathu si ngati za kumayadi zokhala ndi magalasi ndi nyimbo ayi. Ndi paipi yamadzi, zitini za penti zothira konkire, ndi zitsulo zakale za galimoto zimene tinawotcherera tokha. 5 koloko m'mawa timakhala tayamba, 6 koloko aliyense ali pa ulendo wa kuntchito. Kutchalitchi ndinali mtsogoleri wa achinyamata. Zitatu zonsezi ndinkazisenza bwinobwino popanda wondinena, mpaka chaka cha 2017.

Mpingo wathu unkapemphera m'kalasi ya sukulu yochita kulipira. Chaka chimenecho tinagula poloti mbali ya Great East Road, kupitirira Chelstone. Mkulu wina, wapampando wa komiti ya zomangamanga, anandiitanira pambali titaweruka mapemphero. Anandigwira mkono n'kunena kuti mphamvu zimenezi Mulungu anandipatsira nthawi ngati ino. Ndinalira misozi yachimwemwe, musandione chonchi. Anati ndiumbe mabuloko onse a tchalitchi, ndipo zopereka zikalowa adzandipatsa kangachepe ka sopo. Ndinanyamula chikombole changa, mafosholo anga, wilibala yanga, ndinasiya makasitomala anga m'manja mwa kamnyamata kophunzira ntchito, ine n'kumakagona ku poloti masiku ena.

Vuto linayambira pa simenti. Ine thumba limodzi la makilogalamu 50 ndimatulutsa mabuloko 30 a mainchesi 6, ndikapitirira pamenepo mtima umanditsutsa. Iwo anati nditulutse 50. Ndinawauza kuti bambo, khoma limeneli pansi pake padzakhala ana a Sande sukulu. Anandiyankha kuti ndili ndi chikhulupiriro chochepa, Mulungu amene anachulukitsa mikate angalephere bwanji kulimbitsa buloko. Kenako nkhani ya madzi. Pa poloti panalibe mpopi kapena chitsime, madzi tinkagula pa madiramu. Aliyense wogwira ntchito yathuyi amadziwa kuti buloko likaumbidwa limafuna kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7 osadumpha, ndipo simenti amafika pa mphamvu yake yeniyeni pakatha masiku 28. Iwo anati madzi othirira n'kuwononga ndalama za Ambuye, masiku awiri akwana. Ndinakhala chete. Pamenepa ndiye pamene ndinachimwa ine, chifukwa ndinkadziwa chowona koma ndinaopa kutchedwa wamwano.

Mu Okutobala analengeza kusala kudya kwa masiku 7, osadya osamwa kuyambira m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, kuti denga lipezeke mvula isanagwe. Okutobala wa Lusaka mukumudziwa. Pofika 10 koloko mchenga umawotcha mapazi ngakhale uli m'jombo. Ena ankasala ali mu ofesi, ena ali m'nyumba pa mpando. Ine ndinkasala ndikusakaniza fumbi la miyala ndi simenti padzuwa, ndikukankha wilibala, ndikukweza mabuloko kwa amisiri. Amayi a kunyumba anandichonderera usiku wa tsiku lachitatu kuti ndizimwako madzi okha. Ndinawakalipira. Ndinati mtsogoleri wa achinyamata akamwa, ana aja adzaphunzira chiyani.

Tsiku lachisanu, cha m'ma 2 koloko masana, khoma linali litafika pamwamba pa mawindo. Ndinanyamula mabuloko awiri, lina dzanja ili lina dzanja ili, n'kuyamba kukwera thabwa lopita kwa mmisiri. Lilime linali ngati chiguduli m'kamwa. Thukuta linali litasiya kutuluka, ine n'kumaganiza kuti thupi lazolowera, osadziwa kuti madzi atha. M'makutu munayamba kulira ngati nyenje, maso anachita mdima m'mbalimu. Ndili pakati pa thabwa, buloko la kudzanja lamanja linanyenyeka pamene ndinagwirapo. Linangophwanyika ngati chigumu, buloko loumba ine ndemwe, la 50 pa thumba, losathiriridwa. Kulemera konse kunatsalira kumanzere, ndinapotoka, n'kugwa chagada pa mulu wa mabuloko. Ndinamva m'chiuno kuti thyo. Miyendo sindinaimve kwa kanthawi. Ndinayesa kufuula koma mawu sanatuluke, pakhosi panali gwa.

Amayi amene ankatunga madzi a matope anandizungulira n'kuyamba kupemphera mofuula, kudzudzula mzimu wa imfa. Sindikuwanena, anachita zimene ankadziwa ndipo ankandikonda. Koma diramu la madzi linali poteropo, mapazi asanu okha, ndikuliona ndi maso anga, ndipo panalibe anaganiza zonditungira ngakhale kapu imodzi chifukwa tonse tinali pa kusala. Ndinkaloza diramulo ndi chala, iwo n'kumayesa ndikuloza kumwamba, n'kumawonjezera kufuula.

Ndiye mkulu uja anatsika m'galimoto yake, mmene anakhala muli mphepo yozizira. Ndinamva nsapato zake pamiyala. Ndinati basi, bambo anga afika, anditengera kuchipatala. Anaima pamutu panga. Mawu ake oyamba anafunsa mmisiri kuti, asweka angati. Ndipo anawerenga. Ndinamumva akuwerenga, limodzi, awiri, atatu, akutembenuza zidutswa ndi nsonga ya nsapato, mpaka 11. Ine ndili chigonere, nyerere zikuyenda pakhosi. Atamaliza anati galimoto sangapereke chifukwa akuthamangira ku msonkhano m'tauni, ndiponso ndili ndi fumbi thupi lonse. Anandisanjika dzanja pamphumi, anapemphera mawu awiri atatu, n'kuliza galimoto.

Anandinyamula ndani? Kamnyamata ka zaka 16 ka m'gulu langa la achinyamata kanandiika mu wilibala yanga yomwe, miyendo ili lendelende, n'kundikankha mpaka kumsewu. Ndiko kanatenga foni m'thumba mwanga n'kuimbira mnzanga wa ku jimu, woyendetsa Canter, galimoto yonyamula katundu, munthu woti tchalitchi anasiya kalekale ndipo Loweruka lililonse amakhala ali ku mowa. Anasiya katundu wa bwana wake panjira, anafika ndi botolo la madzi, anandimwetsa pang'onopang'ono atandichirikiza mutu ngati khanda. Kuchipatala anandiika madiripi atatu. Mkodzo unatuluka wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo adokotala anati ndikanachedwa impso zikanawonongeka. Msana sunathyoke, Mulungu ngwabwino, koma ndinagona pamphasa masabata 6, kupita kuchimbudzi mochita kugwiriziza.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si kugwako. Lamlungu lotsatira amayi a kunyumba anapita kukapempha mpingo kuti undikumbukire m'mapemphero. Wolalikira tsikulo anali mkulu yemweyo. Anatsegula 1 Timoteo 4:8, paja pamati kulimbitsa thupi kupindula pang'ono, anawonjezera nkhani ya Samsoni, n'kunena kuti alipo ena pakati pathu amene amadalira minofu, amadzuka m'mamawa kukapembedza zitsulo, ndipo Mulungu wawatsitsa. Dzina sanatchule koma mitu yonse inatembenukira kwa mkazi wanga. Anabwera kunyumba osalankhula, nsima anaphika koma sanadye. Minofu yomweyo imene mu Ogasiti inali mphatso ya Mulungu, mu Okutobala inasanduka fano! Pamene inkawaumbira mabuloko 3,000 kwaulere sinali tchimo. Inakhala tchimo tsiku limene inafuna thandizo. Ka sopo kaja sindinakaone ngakhale ngwee imodzi, ndipo pa khomo panga sanapondepo. Munthu wotere amawerenga bwanji Yakobo 5:4, pamene pamanena za malipiro a antchito obisidwa kuti amafuula mpaka m'makutu a Ambuye? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Makasitomala anathawa, kamnyamata kophunzira ntchito kaja sikanathe kusunga ntchito. Tinkadya za amayi a kunyumba, amene ankagulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu pafupi ndi msika wa Soweto. Kenako kolera uja anakula, pofika Januwale 2018 asilikali anachotsa onse ogulitsa m'misewu, Heroes Stadium inasanduka chipatala cha odwala kolera. Sindidandaula nazo, anthu ankafa ndipo tauni inafunika kuyeretsedwa. Koma kwathu ndiye kuti khomo lomaliza linatsekeka. Lendi miyezi iwiri osalipira. Thumba la ufa anatibweretsera ndi anyamata a ku jimu, anasonkherana.

M'masiku ogona aja ndinawerenga 1 Mafumu 19 mwina kakhumi. Eliya atatopa mpaka kupempha imfa pansi pa kamtengo, mngelo sanamulalikire. Anamudzutsa, anamupatsa mkate ndi mtsuko wa madzi, anamusiya agonenso, n'kumudzutsanso kuti adye kachiwiri chifukwa ulendo unali wautali. Ndinalira, abale. Mulungu amene ndinkamutumikira ndi lilime louma ndi yemweyo amene amaikira mtumiki wake madzi kumutu. Ndipo ndinaona kuti buloko lija linandilalikira zoona kuposa ulaliki wa Lamlungu lija. Ndinalimana simenti, ndinalimana madzi, ndinalimana masiku ake opuma, n'kulituma kuti lisenze nyumba ya Mulungu. Thupi langa ndinalichita chimodzimodzi. Zonse ziwiri zinasweka mphindi imodzi.

Vesi la Timoteo lija muliwerenge nokha modekha. Silinena kuti kulimbitsa thupi n'kopanda pake, limati kupindula pang'ono, ndipo pang'ono ameneyo ndi amene ananditsitsimutsa msana, chifukwa a fizio anandiuza kuti minofu yolimba ndiyo inandithandiza kuchira msanga. Paulo yemwe analemba mawuwo ankasoka mahema ndi manja ake ku Korinto pamodzi ndi Akula ndi Priskila, onani Machitidwe 18. Sanati singano ikumubera nthawi ya Mulungu. Ine anyamata amene ndawafikitsa kwa Yesu, ambiri ndinawapeza pa benchi ya zitsulo, osati pa guwa. Munthu akakhala pansi pa chitsulo cholemera ndipo iwe waima kumutu kwake kuti chisamugwere, amakukhulupirira, ndipo mawa amakuuza za ngongole zake ndi za banja lake. Woyendetsa Canter uja pano amapemphera nafe tisanayambe kunyamula, ngakhale mowa sanasiyiretu.

Tsono inu m'bale, ntchito musasiye. Tsiku limene mudzasowe lendi, amene akukuuzani kuti musiye sadzakulipirirani. Jimu musasiye, ingochepetsani ngati ikukuchedwetsani ku mapemphero a m'mawa. Mukasala kudya uku mukugwira ntchito yapadzuwa, imwani madzi, ndipo ngati muli ndi shuga kapena BP yambani mwafunsa kuchipatala. Wina akakuuzani kuti muchite chinthu chimene luso lanu likukana, kanani pomwepo, pamaso pa anthu, musachite ngati ine.

Komanso ndikupempheni, akulu anuwo musawayankhe mwamwano, ndipo mpingo musachoke. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Akakuitanani ku ntchito ya kutchalitchi pitani, musayambe ndi kufunsa za malipiro, Mulungu ndiye amaona. Mwina akuonadi kanthu mwa inu kamene inu simukukaona, chifukwa kunena zoona inenso kunyada ndinali nako, ndinkakonda kumva anthu akuti amene uja amanyamula mabuloko awiriawiri. Akalengeza kusala, salani nawo limodzi, musadzipatule. Ine ndinabwerera. Khoma lija linang'ambika ndi mvula yoyamba yomwe, mbali ya kum'mawa inagwa usiku, mwamwayi munalibe munthu. Mu 2019 abusa anabwera okha kunyumba kudzandipempha, ndipo ndinaumbanso mabuloko onse, kwaulerenso, koma ulendo uno 30 pa thumba, ndipo diramu la madzi ndinkaliyang'anira ndekha. Amayi a kunyumba sanandilankhule sabata yathunthu chifukwa cha zimenezi, ndipo sindinganene kuti analakwa.

Mkulu uja akadali wapampando. Timapatsana moni pakhomo la tchalitchi, amandifunsa za ana, koma mawu akuti pepani sanatulukepo m'kamwa mwake. Ndimapemphera kuti ndimukhululukire, masiku ena ndimaona ngati zatheka, koma kukazizira mu Juni msana ukayamba kuwawa ndimamvanso mawu ake akuwerenga mpaka 11. Lamlungu likubwerali kuli mgonero ndipo mzere wathu wogawa ndi iye. Mundipempherere, chifukwa mpaka pano sindikudziwa ngati ndidzatambasula dzanja.