Kujambula bandi yonse pakamodzi ndi zipangizo zochepa

Achimwene, mwati muli ndi laputopu, audio interface (kabokosi kolowetsa mawu mu kompyuta) yolowera mawaya awiri, mixer yaing'ono ndi maiki atatu, ndipo mukufuna kujambula bandi yanu ikuimba yonse pakamodzi. Zimenezo n'zokwanira, musagule china pakadali pano. Chimene chidzakongoletse kapena kuwononga nyimbo yanu ndi mmene mwaimikira anthu ndi maiki m'chipindamo.

Yambani ndi ng'oma, chifukwa phokoso lake limalowa m'maiki onse. Ziikeni kumapeto kwa chipinda koma osati pakona penipeni, pakuti pakona mawu otsika amaunjikana n'kusanduka mkokomo. Pansi yalani kapeti. Khoma losalala, matailosi ndi magalasi zimabweza mawu, ndiye pachikani mabulangete ochindikala kapena tsamiritsani matilesi kukhoma loyang'anizana ndi ng'omazo. Makatoni a mazira musavutike nawo, ndi opyapyala kwambiri. Ndipo woimba ng'oma mumupemphe amenye mofewa, makamaka ma cymbal, mbale zachitsulo zija. Pamenepa ndi pomwe magulu ambiri amalephera: akamenya ngati ali pasiteji, n'kovuta kwambiri kudzachotsa phokosolo m'mawu a woimba, ngakhale pa kompyuta.

Maiki yoyamba ikhale pamwamba pa ng'oma, pafupifupi mita imodzi kuchokera pa snare, ng'oma yaing'ono ya patsogolo pa woimba ng'oma. Yachiwiri iikeni pa amp ya gitala, masentimita atatu kapena asanu kuchokera pansalu yake, pambali pang'ono pa pakati pa sipika kuti mawu asabaye m'makutu. Yachitatu ndi ya woimba, ndipo iye aime moyang'ana ng'oma. Maiki ambiri oimbira, monga Shure SM58, amamva kutsogolo, kumbuyo kwake samva kwenikweni, choncho ng'oma zikhale kumsana kwa maikiyo. Mlomo uyandikire ndithu, pasapitirire zala ziwiri kapena zitatu. Besi ndi kiyibodi sizifuna maiki, lowetsani mawaya ake mu mixer. Mtunda wa pakati pa maiki awiri ukhale kuwirikiza katatu mtunda wa maiki kuchokera pa chida chake, kapena kuposa. Mukawayandikizitsa, mawu amodzimodzi amafika pa maiki awiriwo pa nthawi zosiyana pang'ono, amafafanizana, nyimbo n'kumamveka yopepuka ngati ikuchokera m'chitini.

Kalumikizidwe kake ndingasankhe aka: maiki ya woimba ilowe yokha pa input 1 ya audio interface, zida zonse zidutse mu mixer n'kulowa pa input 2, yomwe batani lake muyenera kuliika pa line, osati inst (ya gitala yolowa mwachindunji). Mukatero mawu a woimba mudzatha kuwakweza kapena kuwatsitsa pambuyo pake. Kuipa kwake n'kwakuti zidazo zasakanikirana kale, simungadzazilekanitsenso mosavuta. Ndiye musathamange. Jambulani masekondi 30 a pamene nyimbo imafika pachimake, mvetserani pa mahedifoni, konzani pa mixer, bwerezani mpaka besi ndi ng'oma zigwirizane. Woimba azidzimva pa mahedifoni kudzera pa direct monitor ya audio interface, yomwe imamveketsa mawu asanalowe mu kompyuta, osati pa sipika.

Audacity, pulogalamu yojambulira mawu pa kompyuta, ndi yaulere ndipo ikukwanirani. Ikani 24-bit, 48 kHz, musunge ngati WAV osati MP3. Mizere iwiri ya mawu, wa input 1 ndi wa input 2, imadya pafupifupi 17 MB pa mphindi. Pamalo ofuula kwambiri mita yoonetsa kukwera kwa mawu izifika pakati pa -12 ndi -6 dB. Ikagunda 0 mawu amang'ambika, ndipo kung'ambikako sikukonzeka. Ngati zajambulika ngati stereo, sankhani Split Stereo to Mono kuti woimba ndi zida akhale pamizere yosiyana. Batani la 48V, lopereka magetsi ku maiki, lisiyeni lozima pokhapokha ngati muli ndi maiki ya condenser.

Mukamva kulira kwa "mmm" kosalekeza, zulani chaja cha laputopu muone ngati kwasiya. Kawirikawiri vuto limakhala limenelo, kapena zipangizo zolumikizidwa kumasoketi osiyanasiyana, choncho zonse zidyere pa extension imodzi. Mafoni azimitsidwe, fani nayonso.

Nyimbo iliyonse iimbeni katatu osasintha kanthu pa mixer, kenako musankhe yogwira mtima. Posakaniza, dulani mawu onse a pansi pa 100 Hz pamzere wa woimba. Ngati mukudziwa kuti mawu mudzawajambulanso padera, woimba aimbe motsitsa pa ulendo woyambawo kuti asalowe m'maiki ya ng'oma.