Musatsutsane naye, mupempheni afotokoze

Achemwali, mlamu wanu amene akukuuzani motsimikiza kuti musiye mankhwala a kuthamanga kwa magazi uja musalimbane naye. Mufunseni funso limodzi lokha: "Tandiuzeni, piritsi limeneli likalowa m'thupi limachita chiyani, kenako chiyani?" Mukatero khalani chete.

Wodziwadi amayamba ndi mawu oti "zimatengera", n'kufunsa dzina la mankhwalawo, mlingo wake, zaka zanu, ngati impso zili bwino. Wongomvera kwa ena amathera pa chiganizo chachiwiri, basi wayamba kubwereza zomwezo mokweza mawu. Sikuti akunama dala ayi. Kuti munthu aone pomwe akuperewera pamafunika nzeru zomwe alibezo.

Funso loti "bwanji mukukhulupirira zimenezi?" lipeweni, limangomupatsa mpata wounjika zifukwa ndipo amaumiratu mutu. Mu 2002, ofufuza awiri, Rozenblit ndi Keil a ku yunivesite ya Yale ku America, anapeza kuti anthu akayesa kulongosola momwe zipi imagwirira ntchito, amavomereza okha kuti sankadziwa monga ankaganizira.

Mankhwalawo musasiye kapena kuchepetsa musanaonane ndi dokotala amene anakulemberani. Magazi amatha kuthamanga kwambiri inu osamva kupweteka paliponse.