Funsani Malume: Kodi ku America nakonso kwagwa tipeksi?

FUNSO

Malume, ine ndine wometa tsitsi pano pa Chinamwali, ndipo wailesi siizima mushopu mwanga. Kuyambira Januwale 2020 takhala tikutsatira chipulula cha chipani cha Democratic ku America, chosankha munthu woti adzalimbane ndi Donald Trump mu Novembala. Anyamata a ku Chanco amene amabwera kudzametetsa ankandiuza kuti nkhani inatha kale, Bernie Sanders ndiye watenga, Joe Biden watha ngati makatani. Ndinawakhulupirira mpaka ndinabetcherana ndi mdala wina, mphunzitsi wopuma ntchito, kuti Sanders akagwa ndidzawameta ulere mpaka Disembala. Pano ndikumva kuti Biden yemwe uja, amene kwina anakhala wachinayi, kwina wachisanu, wasesa zigawo 10 tsiku limodzi. Zitheka bwanji? Kodi kumeneko nako sikunagwe tipeksi?

Wometa, Chinamwali, Zomba

YANKHO

Achimwene, sindikukudabwani kuti maganizo anu athamangira ku tipeksi. Chaka cha 2020 Mmalawi aliyense akamva kuti zotsatira zatembenuka, ankayamba wanunkhiza pepala. Ndipo taonani mmene zinagundirana: pa 3 Febuluwale, tsiku limene tonse tinakakamira pa wailesi kuyambira mmawa mpaka kunja kuda kumvera majaji asanu akufafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndilo tsiku lomwelo limene chipulula cha ku America chinayamba m'chigawo cha Iowa.

Koma yankho langa ndi lakuti ayi. Palibe umboni wakuti wina anasintha manambala. Chimene chinasintha ndi anthu amene anali kuvota, komanso chiwerengero cha anthu amene anatsala mumpikisano.

Poyamba mudziwe kuti chipulula chawo sichichitika tsiku limodzi. Chimayenda chigawo ndi chigawo kwa miyezi ingapo, ndipo chimene opikisana amalimbirana ndi nthumwi zokavota kumsonkhano waukulu wa chipani. Mu 2020 a Democratic anali ndi nthumwi 3,979 zopezeka kudzera m'mavoti a anthu, ndipo wofuna kupambana ankayenera kupeza 1,991. Tsono Iowa, kumene Biden anakhala wachinayi, inali ndi nthumwi 41 zokha. New Hampshire, kumene anakhala wachisanu pa 11 Febuluwale, inali ndi 24. California payokha inali ndi 415, Texas 228. Ndiye pamene anyamata anu ankati nkhani yatha, kunali kutagawidwa kachigawo kochepa kwambiri ka nthumwi. Phokoso linali lalikulu chifukwa zigawo zoyambazi atolankhani onse amakhamukirako, ndipo aliyense amafuna kukhala woyamba kulengeza maliro.

Chachiwiri ndicho chachikulu, ndipo apa ndikhalapo pang'ono. Ku Iowa ndi ku New Hampshire anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse ndi azungu. Chipani cha Democratic sichili choncho. Msana wake, makamaka kummwera kwa dzikolo, ndi anthu akuda, ambiri a iwo achikulire, amayi opita kutchalitchi Lamulungu lililonse, anthu amene sasowa pamzere tsiku lovota. Anthu amenewa anali asanafunsidwe n'komwe. Mwayi wawo woyamba unafika pa 29 Febuluwale ku South Carolina, kumene oposa theka la ovota m'chipulula cha chipanichi ndi akuda. Iwo Biden amamudziwa. Anakhala wachiwiri kwa Barack Obama zaka zisanu ndi zitatu, kuyambira 2009 mpaka 2017, ndipo sanamuchitire mwano kapena kumudyera kuseri. Kwa ife zimenezi zingaoneke zazing'ono, koma kumbukirani mmene apulezidenti athu ndi achiwiri awo akhala akukhalira kuno, ndiye muganize za mzungu wachikulire, yemwe anakhala seneta zaka zoposa 30, kuvomera kukhala pansi pa munthu wakuda woyamba kulamulira dzikolo, osadandaula. Anthu aja sanaiwale.

Kutatsala masiku atatu kuti avote, phungu wotchuka wa kumeneko, Jim Clyburn, amene mawu ake amalemera kwambiri pakati pa anthu akuda m'chigawocho, anaima poyera n'kunena kuti voti yake ndi ya Biden. Zotsatira zake, Biden anapeza mavoti pafupifupi 48 pa 100 alionse, Sanders pafupifupi 20. Mwina simukudziwa kuti aka kanali koyamba Biden kupambana chipulula m'chigawo chilichonse, ngakhale kuti anayesapo kufuna upulezidenti mu 1988 ndi mu 2008. Pa nthawiyo mkuluyu anali ndi zaka 77.

Zimene zinatsatira zinachitika m'masiku atatu okha, ndipo masamu ake Mmalawi aliyense amawadziwa pamtima. Mu 2019 a Peter Mutharika analengezedwa kuti apeza mavoti 38 ndi kanthu pa 100 alionse, a Lazarus Chakwera 35, a Saulos Chilima 20. Mwamvapo kangati anthu mushopu mwanumo akuphatikiza manambala amenewa? Ku America nako kunali chimodzimodzi. Sanders ankatsogola osati chifukwa chakuti anthu ambiri m'chipani anali naye, koma chifukwa chakuti amene sankamufuna anagawikana pakati pa Biden, Pete Buttigieg, Amy Klobuchar ndi Michael Bloomberg. Ku New Hampshire, kumene Sanders anapambana, anapeza mavoti ongopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi. Biden atangoonetsa mphamvu ku South Carolina, Buttigieg anasiya mpikisano pa 1 Malichi, Klobuchar pa 2 Malichi, ndipo usiku womwewo onse awiri anakaonekera ku Dallas akuuza owatsatira kuti avotere Biden. Mbali ya Sanders sizinatero: Elizabeth Warren, amene maganizo ake ndi oyandikana ndi a Sanders, anakhalabe mumpikisano. Pa 3 Malichi, tsiku limene amalitchula kuti Super Tuesday, zigawo 14 zinavota limodzi. Biden anatenga 10, kuphatikizapo Texas, Virginia, Minnesota kwawo kwa Klobuchar, ndi Massachusetts kwawo kwa Warren, kumene mwiniwake anakhala wachitatu. Sanders anatenga California, Colorado, Utah ndi kwawo ku Vermont.

Otsatira Sanders ankadandaula kuti akuluakulu a chipani anamuchitira upo. Sindikutsutsa kuti akuluakuluwo sankamufuna, ndipo munthu ali ndi ufulu wonyansidwa nazo. Koma tisiyanitse. Kubera ndi kusintha zimene anthu avotera, monga zimene khothi linapeza kuno: mapepala a zotsatira ofufutidwa, ena a dupuliketi, ena osasainidwa. Kukopa mnzako kuti asiye mpikisano akuthandize ndi ndale basi, ndipo wovota amakalowabe yekha m'kachipinda n'kuchonga amene akumufuna. Sanders mwiniwake sananene kuti amubera. Anavomera poyera kuti achinyamata amene ankawadalira sanabwere kudzavota mmene ankayembekezera.

Pamenepa ndiye pali nkhani ya anyamata anu a ku Chanco. Sanakunamizeni dala. Iwo ankaona zimene zinali pa Facebook ndi pa Twitter, kumene Sanders anali mfumu, chifukwa achinyamata ophunzira ankamukonda kaamba ka malonjezo ake a maphunziro aulere m'makoleji a boma ndi chithandizo cha kuchipatala kwa aliyense. Mwana wa sukulu amene akulimbana ndi fizi ndi lendi ya ku Chikanda angalephere bwanji kumukonda munthu wotere? Vuto ndi lakuti agogo a ku South Carolina salemba pa Twitter. N'chimodzimodzi kufunsa anthu a m'tauni ya Zomba okha kenako n'kulengeza mmene anthu a ku Jali, ku Mayaka ndi ku Chingale avotere.

Nanga a kafukufuku? Kuno ku Zomba tili nawo akatswiri ake, a IPOR ndi a Centre for Social Research, ndipo ntchito yawo ndimailemekeza. Koma kafukufuku amajambula maganizo a anthu pa tsiku limene anafunsidwa. Ngati opikisana awiri asiya mpikisano kutatsala maola ochepa, chithunzi cha sabata yatha sichikuthandizani. Ovota ambiri a pa Super Tuesday anapanga chiganizo m'masiku omaliza, ndipo ambiri mwa amenewo anapita kwa Biden. Komanso chipulula n'chovuta kulosera kuposa chisankho chachikulu, poti onse opikisana ndi a nyumba imodzi ndipo munthu sachedwa kusamuka kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Sanders yemweyu anapindulapo nazo. Mu Malichi 2016 kafukufuku ankaonetsa kuti Hillary Clinton ali patsogolo kwambiri ku Michigan, ndi mavoti pafupifupi 20 pa 100 alionse, koma Sanders ndiye anapambana, mopyola pang'ono. Nthawi imeneyo owatsatira sanafunse za tipeksi. Pa 10 Malichi 2020, Michigan yemweyo anapita kwa Biden.

Ngati mukufuna kumene kunali chisokonezo chenicheni, ndi ku Iowa, kumene Biden anagwa. Mu 2020 kumeneko sankavota mwachinsinsi. Ankasonkhana m'maholo a sukulu n'kuima m'magulu malinga ndi munthu amene akumufuna, zofanana ndi mapulayimale athu oima kumbuyo kwa kandideti. Pulogalamu ya pafoni yotumizira zotsatira inakanika, zotsatira zinachedwa masiku, ndipo wapampando wa chipani m'chigawocho anatula pansi udindo. Ndipo musaiwale Bloomberg, mpondamatiki amene anamwaza madola oposa 500 miliyoni a m'thumba mwake, n'kupambana kokha ku tizilumba ta American Samoa. Tsiku lotsatira anasiya.

Za kubetcherana kwanu: mu Malichi 2020 mpikisano unali usanatsekedwe, Sanders anali akadalimo. Koma a Democratic amagawa nthumwi molingana ndi mavoti amene munthu wapeza, bola afike 15 pa 100, ndiye amene watsalira zimamuvuta kwambiri kupezanso mnzake, chifukwa ngakhale apambane chigawo, mnzakeyo amatolabe zake. Aphunzitsiwo akabwera, apatseni mpando.

FUNSO

Malume, ine ndakhala m'komiti ya chipani kudera kwathu zaka zambiri. Timavina, timaphika pamisonkhano, timayenda khomo ndi khomo. Koma posankha woimira chipani pa upulezidenti amapita ndi anthu ochepa kumsonkhano waukulu, ife timangomvera pa wailesi. Bwanji ifenso osamavota tonse ngati mmene tikumvera ku America?

Mayi wodandaula, Domasi

YANKHO

Amayi, funso lanu ndi loona, ndipo lamulo la dziko silikuletsa. Nkhaniyi ili m'malamulo a chipani chilichonse, ndipo zipani zathu zonse zikuluzikulu zinasankha njira ya nthumwi.

Ku America nako kale zinali choncho. Mu 1968 Hubert Humphrey anasankhidwa kuimira chipani cha Democratic asanapikisane nawo m'chipulula cha chigawo ngakhale chimodzi. Anamusankha ndi akuluakulu a chipani, kunja kwa holo ku Chicago apolisi akumenyana ndi achinyamata ochita zionetsero. Chipanicho chitagonja kwa Richard Nixon chaka chomwecho, chinasintha malamulo, ndipo kuyambira 1972 mphamvu zambiri zinapita kwa ovota wamba. Sanasinthe chifukwa cha chifundo, anasintha chifukwa anapsa.

Sindikunena kuti msonkhano wa nthumwi sungatulutse zodabwitsa. Mu Ogasiti 2013 nthumwi za MCP zinasankha a Chakwera, munthu amene anali atangochoka kumene pa utsogoleri wa mpingo wa Assemblies of God, kusiya anthu amene anakulira m'chipanimo. Koma nthumwi zikakhala zochepa, n'zosavuta kuzigoneka m'malo ogona abwino, kuzidyetsa ndi kuzipatsa kenakake ka m'thumba. Anthu mazana angapo munthu wandalama atha kuwafikira mmodzimmodzi. Mamembala a dziko lonse sangawakwanitse.

Chovuta chili pawiri. Choyamba ndi kaundula. Kuti mamembala onse avote, chipani chiyenera kudziwa kuti membala ndani, ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti nsalu ya chipani aliyense atha kuvala, ena ali nazo zamitundu itatu m'sutikesi. N'chifukwa chake mapulayimale a aphungu amathera m'mikangano ya kuti makomiti enieni ndi ati, ogonja n'kukaima paokha. Mu 2019 aphungu oima paokha amene anapambana anali oposa 50 mwa mipando 193, ndipo ambiri a iwo anachokera m'zipani momwemo. Chachiwiri ndi ndalama. Ku America zipulula zambiri zimayendetsedwa ndi maboma a zigawo, pogwiritsa ntchito kaundula ndi malo ovotera a boma. Kuno chipani chingafunike kulipira chokha mabokosi, mapepala ndi oyang'anira kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa.

Ngati mukufuna poyambira, yambirani pafupi. Pemphani kuti muone malamulo a chipani chanu, muwerenge ndime yonena za amene amapita kumsonkhano waukulu ndi mmene amasankhidwira. Kenako pamsonkhano wa komiti ya dera mufunse kuti mayina a nthumwi za boma la Zomba adzawerengedwe poyera asanakwere basi, komanso kuti nthumwizo zidzayambe zamva maganizo a makomiti a m'munsi.